MUDZI SUFUNA LUMO

Pa chipatala cha Chiwamba, monganso ku Nsaru kapena ku Kabudula, anthu safuna kukakamizidwa kuti afotokoze za malungo ndi chifuwa. Koma ilipo nthenda ina imene bambo atha kukhala nayo chaka chathunthu osauza ngakhale mkazi wake. Nthendayi ndi mudzi, ndiko kutupa kwa mitsempha ya magazi kotulukira chimbudzi. Wodwala amamva kuyabwa kapena kuwawa, amaona magazi ofiira akatha kudzithandiza, ndipo nthawi zina kanyama kamatulukira kunja.

Chimene chimasunga odwalawa kunyumba ndi manyazi ndiponso kuopa opaleshoni. Motero ena amapita kwa munthu wa pamudzi kuti akadule kanyamako ndi lumo. Uku ndi kulakwa kwakukulu. Wodula mudzi amadula mtsempha, ndipo magazi angathe kutayika ambiri. Bala la pamalo otere silichedwa kutukusira, ndipo lumo lodulira anthu angapo lingafalitse kachirombo ka HIV.

Zoona zake n'zakuti odwala mudzi ambiri amapeza bwino popanda opaleshoni. Kawirikawiri gwero lake ndi kudzimbidwa: munthu akamachita chimbudzi chouma ndi kumakankha mwamphamvu, mitsempha ija imatupa. Tsono mankhwala oyamba ali m'mbale. M'zaka za m'ma 1970, dokotala Denis Burkitt, amene anagwira ntchito nthawi yaitali ku Uganda, anaphunzitsa kuti zakudya zochotsedwa gaga wonse zimaumitsa m'mimba. Ufa woyera ndi wokoma, koma gaga wopatsa nkhumba uja ndiye amafewetsa chimbudzi. Wodwala mudzi ayenera kudya nsima ya mgaiwa, nyemba, nkhwani, bonongwe, chisoso, mapapaya ndi mango, ndi kumwa madzi ambiri, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala.

Chachiwiri ndi khalidwe la kuchimbudzi. Munthu apite msanga akamva kufuna kudzithandiza, asakankhe, ndipo asakhalitseko. Zitsononkho ndi masamba okhakhala zimakanda potupapo. Nkwabwino kusamba ndi madzi oyera. Ululu ukakula, akhale m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 10 kapena 15, kawiri kapena katatu pa tsiku. Panado amachepetsanso ululu. Achipatala angathe kumulembera mankhwala opaka, oika kumalo kuja, kapena ofewetsa chimbudzi.

Amayi oyembekezera amavutika ndi mudzi kawirikawiri chifukwa mwana amapsinja mitsempha, koma ambiri amachira akabereka. Mapiritsi oonjezera magazi a kusikelo amatha kuumitsa m'mimba. Mayi asawaleke, koma auze namwino.

Zonsezi zikalephera, madokotala ali ndi njira inanso yosafuna mpeni: amamanga kalabala kakang'ono patsinde pa mudzi wa m'kati, ndipo umafota ndi kuthothoka wokha pakatha pafupifupi sabata imodzi. Iyi ndi ntchito ya dokotala yekha, yosayenera kuyesedwa kunyumba ndi ulusi. Opaleshoni imatsalira anthu ochepa amene mudzi wawo wakula kwambiri.

Komabe pali chifukwa china chachikulu chopitira kuchipatala. Si magazi onse otuluka ndi chimbudzi amene ali a mudzi. Kamwazi, likodzo la m'matumbo ngakhalenso khansa zimatha kuyamba chimodzimodzi. Amene chimbudzi chake chada ngati phula kapena chasakanikirana ndi magazi, amene akuonda, kapena amene zikhatho zake zayera, apite msanga kukapimidwa. Kukafunika, achipatala chaching'ono adzamutumiza ku chipatala chachikulu, monga cha Kamuzu Central mumzinda wa Lilongwe.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Namwino sangathandize nthenda imene sanauzidwe, ndipo zimene wodwala anena m'chipinda chopimira ndi zachinsinsi. Wodwala mudzi asiye lumo, aike mgaiwa pamoto, ndipo akafotokoze vuto lake kuchipatala lisanakule.