Mlakatuli, woimba rap ndi woomba ng'oma pabwalo limodzi

Mu 2014, kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka m'boma la Dowa kunayamba chikondwerero cha Tumaini. Anachiyambitsa ndi Trésor Nzengu Mpauni, yemwe ambiri amamudziwa kuti Menes La Plume, mlakatuli komanso woimba rap wochokera ku Lubumbashi m'dziko la Congo. Pakhomo salipiritsa. Tsiku limodzi lomwelo munthu amaona anyamata a ku Burundi atasenza ng'oma zawo zikuluzikulu, bandi yochokera mumzinda, mnyamata wa rap akuzungulira nsanja yonse, kenako mlakatuli ataima yekhayekha ndi maikolofoni. Pamalo pomwe nthawi ya Kamuzu panali ndende ya andale, lero mawu ndiwo amasonkhanitsa khamu.

Winanso, mwana wa kumapiri kuno, anayenda njira yomweyi. Q Malewezi, mwana wa malemu Justin Malewezi a ku Ntchisi, anayamba kudziwika m'gulu la hip hop la Real Elements, kenako n'kukhala mmodzi mwa akatakwe a spoken word mumzinda wa Lilongwe. Anthu awiriwa akuonetsa kuti malire a ndakatulo ndi rap ndi osavuta kudumpha. Koma kunena kuti malirewo kulibe n'kunama, ndipo apa ndi pomwe pagona mkangano womwe wafika ngakhale kumudzi kuno kwa Nachisaka, kumene achinyamata amalandira ndakatulo ndi nyimbo pafoni imodzi, pa memory card imodzi yobenetsa pamsika.

Amene amakana kusakaniza ndakatulo ndi zoimbira ali ndi mfundo yolemera. Iwo amati ndakatulo ya Chichewa ili kale ndi nyimbo yake. Aliyense amene anamvapo Benedicto Wokomaatani Malunga akulakatula akudziwa mmene mawu amakokedwera chakumapeto kwa mzere, mmene liwu limakwerera n'kutsika, mmene munthu amaimira kaye kuti zomwe wanena zikhazikike m'mitima. Taonani mtsikana wa Sitandade 8 pa tsiku lotsekera sukulu. Waima kutsogolo kwa makolo, manja kumbuyo, ndipo wafika pa mzere wonena za mnzake amene anamukwatitsa asanamalize sukulu. Akhala chete pang'ono. Amayi akumbuyo ausa moyo, wina aguguda lilime, amfumu aweramitsa mutu. Kachetechete ameneyo ndi gawo la ndakatuloyo. Ndiye wa zokuzira mawu, pofuna kuthandiza, aike pansi pake kanyimbo ka kiyibodi kobwerezabwereza. Mpata uja wadzadza, ndipo anthu auziridwatu kuti amve chisoni asanamve n'komwe chifukwa chake.

Pa rap amadandaulanso china. Biti imayenda mowerenga kanayi osatopa, pomwe mawu a Chichewa ndi aatali. Mnyamata akapanikizika amawadula, kapena amalowetsa Chingerezi chifukwa mawu ake ndi aafupi ndipo amakwana msanga. Ena amangosaka mawu othera mofanana, chinthu chosavuta m'chilankhulo chomwe liwu lililonse limathera ndi lembo la liwu, mpaka mzere umveke bwino koma wopanda kanthu m'kati. Palinso nkhani ya ulemu. Kumaphwando ambiri a zoimbaimba mlakatuli amamuika masana dzuwa likuswa mtengo, anthu asanabwere, kapena amamuitana kuti atseke mpata pomwe bandi ikulumikiza mawaya. Malipiro ake amakhalanso otsalira. Ngati kusakaniza ndi kumeneku, alakatuli sakulakwa kukayikira.

Komabe sindingawatsatire mpaka kumapeto, chifukwa kwathu kuno mawu sanakhalepo okhaokha papepala. Nthano ya agogo imayenda ndi oyankha, ndipo pakati pake pamagwa nyimbo. Mayi wodandaula za mwamuna woledzera ankatulutsa madandaulo ake pamtondo, munsi ukumuwerengera mayendedwe a mawu. Nyimbo za chimtali, za mganda ndi za gule zimadzudzula, kuseka ndi kulangiza, ndipo ng'oma siibisa mawuwo. Kunja nakonso n'chimodzimodzi. Gulu la The Last Poets, lomwe linayamba ku Harlem mu 1968, linkalakatula ng'oma zikulira, ndipo oimba rap ambiri amalitenga ngati kholo lawo. Linton Kwesi Johnson ku London anaika ndakatulo zake pa reggae. Mzwakhe Mbuli ku South Africa ankalakatula ndi bandi m'zaka za tsankho, boma n'kumamutsekera. Palibe amene anganene kuti zoimbira zinafooketsa anthu amenewa.

Tinenenso zoona za mabuku. Kwa Nachisaka kulibe sitolo yogulitsa mabuku a ndakatulo, ndipo ndalama ya soya kapena fodya ikabwera, imapita ku feteleza ndi fizi. Chimene chimayenda ndi liwu. Robert Chiwamba anafika m'midzi kudzera pawailesi ndi m'mafoni, anthu akutumizirana pa WhatsApp. Ndipo rap, ngakhale ena aipeputse, yachita ntchito yomwe aphunzitsi a Chichewa ankailakalaka. Mnyamata amene wakhala kuseri kwa kalasi akulemba mizere kumapeto kwa kope, kufufuta, kuwerenga ndi zala, kuyesanso chapansipansi, akuchita ntchito ya mlakatuli. Iye anaona Fredokiss akudzaza mabwalo ndi Chichewa cha m'makwalala, anaona Tay Grin akudzitcha Nyau King, anamva malemu Martse akuseweretsa mawu, ndipo anazindikira kuti chilankhulo cha amayi ake chikhoza kumuimika pansanja. Kumuuza mwana ameneyu kuti zake si luso n'kumuthamangitsa pakhomo pomwe amafuna kulowera.

Kwa ine, mbali ziwirizi zikulimbana pa malo olakwika. Kusiyana kwenikweni kuli pakati pa nyimbo yojambulidwa kale ndi munthu wamoyo amene akuimba chida pomwepo. Pabwalo la gule, woomba mbalule sayang'ana kumwamba. Maso ake amakhala pa mapazi a chilombo, chikaponda iye amenya, chikaima iye adikira. Ndi mmene woimba gitala kapena ng'oma ayenera kukhalira ndi wolankhula. Mlakatuli akafuna kupuma, chida chitsike. Omvera akaseka, adikire kuseka kuthe. Woimba rap akaona kuti mzere wagunda anthu n'kufuna kuubwereza, bandi ibwerere naye. Flash yolowetsedwa m'makina siingachite zimenezi, chifukwa siimva. N'chifukwa chake timaona woimba akukuwa pamwamba pa liwu lake lomwe lojambulidwa, n'kumangouza anthu kuti akweze manja, ndipo wolipira pakhomo amabwerera atamva zomwe anali nazo kale m'foni.

Ndikudziwa yankho la okonza maphwando, ndipo n'lomveka. Bandi imafuna anthu asanu kapena kuposa, galimoto yonyamula zida, mafuta a jenereta ndi chakudya. Kuitenga ku Lilongwe kukafika nayo kumapiri nthawi ya dzinja ndi ndalama zomwe phwando la kumudzi silingabweze. DJ mmodzi ndi sipika ziwiri amakwanira pa njinga yamoto. Woimba wongoyamba kumene alibe pogwira, ndipo sindingamunyoze chifukwa chogwiritsa ntchito zomwe ali nazo.

Chomwe sindivomera n'choti kulibe njira ina. Oimba zida alipo kale m'midzi mwathu. M'makwaya a mipingo muli anyamata odziwa kiyibodi ndi gitala. Oomba ng'oma za chimtali ndi mganda ali pafupifupi mudzi uliwonse, ndipo opanga banjo ndi babatoni sanathe. Za kudambwe zili ndi eni ake, sizitoledwa ngati nkhuni, ndipo wofuna kuziyandikira ayambe wakhala pansi ndi akuluakulu. Koma zina zonsezi n'zotseguka. Chosowa ndi masana angapo okonzekera pamodzi, kuti woomba ng'oma aidziwe ndakatuloyo, adziwe polowa ndi posiya.

Akuluakulu a Tumaini, Sand Music Festival ndi Lake of Stars ali ndi gawo lawo. Mlakatuli apatsidwe nthawi yamadzulo anthu atadzaza, akhale ndi oimba zida awiri kapena atatu amene wakonzekera nawo, ndipo mayina awo alembedwe pachikwangwani. Woimba rap amene wafika pa msinkhu wolipiritsa ndalama zambiri afunsidwe kubwera ndi bandi. Kumudzi kuno, aphunzitsi okonza mwambo wotsekera sukulu akhoza kuyamba chaka chino: mtsikana wa ndakatulo uja ndi mnyamata wa rap uja awapatse woomba ng'oma mmodzi, ndi sabata ziwiri zoyeserera.