Sewero Limene Linaopsa Atsamunda

Ambirife timayesa sewero ndi chinthu chongotayitsa nthawi. Koma ku India, Angerezi olamula dzikolo ankaliopa.

M'chaka cha 1860, Dinabandhu Mitra anatulutsa sewero lake lotchedwa Nil Darpan. Linkanena za alimi a ku Bengal amene azungu ankawakakamiza kulima mbewu yopangira utoto wa buluu m'malo mwa mpunga, zofananako ndi thangata kwathu kuno. Linali lokhetsa misozi: banja laulemu likupasuka, mzungu wankhanza akufuna kugwirira mayi wachitsikana, ndipo mlimi wachisilamu, Torap, akuthandiza kumupulumutsa.

Mu 1861 mbusa James Long atalifalitsa m'Chingerezi, anaikidwa m'ndende mwezi umodzi ndi kulipitsidwa marupi 1,000. Pa 7 Disembala 1872 gulu la National Theatre linalisewera ku Calcutta pamaso pa anthu ogula matikiti. Pofika 1876, boma linakhazikitsa lamulo loti likhoza kuletsa sewero lililonse losalikomera.

Boma linadziwa kuti buku limafuna munthu wophunzira, pamene sewero limalowa mumtima ngakhale mwa wosadziwa kuwerenga. Choncho makolo, ana akamaonera sewero muziwafunsa kuti akumvera chisoni yani, nanga chifukwa chiyani.