Sitima za ku Joni: alonda alipo, apolisi alipo, nanga udindo ndi wa yani?

Aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni adamvapo dandaulo loti malipiro amathera m'matakisi. N'chifukwa chake kuyambiranso kuyenda kwa sitima za Metrorail ku Johannesburg, Pretoria, Durban ndi Cape Town ndi nkhani yabwino kwa anthu olandira zochepa, kuphatikizapo Amalawi ambiri omwe akusaka moyo kumeneko. Tikiti ya sitima ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi ya takisi.

Koma funso lomwe lidathamangitsa anthu m'sitimazi likadalipo. Mbava ikakulandani foni kapena kukubayani sitima ili mkati moyenda, ndani ali ndi udindo wokutetezani, ndipo ndani ali ndi mphamvu zomanga mbavayo n'kuyifikitsa kukhoti? Mafunsowa akumveka ngati limodzi, koma malamulo a South Africa amawayankha mosiyana, ndipo vuto lagona pamenepo.

Pa njanji ya dzikolo pali magulu anayi. Loyamba ndi apolisi a boma, a SAPS. Gawo 205 la malamulo aakulu a dzikolo limawapatsa ntchito yopewa, kuthana ndi kufufuza umbanda, ndipo ali ndi nthambi yoona za sitima yotchedwa Rapid Rail Police. Mlandu umatsegulidwa kwa iwowa ndipo ndi iwo amaufufuza.

Lachiwiri ndi alonda: ena olembedwa ntchito ndi PRASA, kampani ya boma yoyendetsa sitima zonyamula anthu, ena a makampani omwe apatsidwa kontrakiti. Awa ndi omwe mumawaona tsiku ndi tsiku pageti ndi papulatifomu. Mlonda wamba, ngakhale avale yunifolomu yoopsa bwanji, mphamvu zake n'zofanana ndi za inu ndi ine. Gawo 42 la Criminal Procedure Act ya 1977 limalola munthu aliyense kugwira wina amene akupalamula mlandu waukulu iye akuona, kenako n'kumupereka kupolisi. Basi. Kufufuza mlandu si kwake.

Lachitatu ndi apolisi a makhonsolo a mizinda, omwe amaona za pamsewu, malamulo a khonsolo ndi kupewa umbanda, koma nawonso safufuza milandu. Lachinayi ndi bungwe la Railway Safety Regulator, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2002. Ilo limapereka ziphaso kwa oyendetsa sitima ndipo likhoza kuwaletsa kugwira ntchito ngati akuika miyoyo pachiswe, koma silithamangitsa mbava.

Tikaphatikiza zonsezi, tikupeza kuti amene ali pamalo nthawi zonse ali ndi mphamvu zochepa, pomwe amene ali ndi mphamvu zonse sapezeka m'sitima iliyonse. Mbava zimadziwa bwino mpata umenewu.

Kale sizidali choncho. Mpaka 1986 njanji ya South Africa idali ndi apolisi akeake, omwe ankamanga ndi kufufuza milandu ya m'sitima, m'masiteshoni ndi m'madoko. Chaka chimenecho adawaphatikiza ndi apolisi ena onse. Kuyambira pamenepo sitima idasanduka imodzi chabe mwa ntchito zambirimbiri za polisi, ndipo kulozana zala kudayamba. A sitima ankati umbanda ndi nkhani ya apolisi, apolisi n'kumati sangaike wapolisi m'chipinda chilichonse cha sitima.

Kukankhirana udindoku kudafika kukhoti. Mu June 2001, mnyamata wina wophunzira za uinjiniya adabayidwa m'sitima ku Cape Town ndipo adamwalira. Achibale ake pamodzi ndi anthu ena okwera sitima adasumira Metrorail kudzera m'gulu la Rail Commuters Action Group. Mu November 2004, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, m'chigamulo chomwe adalemba Jaji Kate O'Regan, lidati Metrorail singasambe m'manja. Ngakhale ntchito yolimbana ndi umbanda ili ya apolisi, wonyamula anthu ayenera kuchita zonse zoyenera kuti anthuwo akhale otetezeka.

Mu 2015 khoti lomwelo lidapita patsogolo pa mlandu wa Mashongwa. Bamboyu adamenyedwa ndi mbava m'sitima ku Pretoria pa 1 January 2011, n'kuponyedwa kunja sitima ikuyenda zitseko zili pululu, ndipo mwendo wake udadulidwa. Mkulu wa majaji panthawiyo, Mogoeng Mogoeng, adagamula kuti PRASA ilipire chipukutamisozi kaamba kosaonetsetsa kuti zitseko zatsekedwa.

Choncho funso la udindo khoti lidaliyankha. La mphamvu lidatsala, poti khoti silingapatse mlonda mphamvu za wapolisi. PRASA idasenzetsedwa katundu pomwe chida chake chachikulu chidali alonda a kontrakiti.

Kuopsa kodalira chida chimodzichi kudaoneka kumapeto kwa 2019. PRASA idathetsa makontrakiti a makampani a alonda poti adaperekedwa mosatsata ndondomeko, nkhani yomwe idayamba kununkha ndi lipoti la Derailed lomwe Thuli Madonsela adatulutsa mu 2015. Kuthetsako kudali ndi chifukwa chomveka, koma olowa m'malo adali asadakonzedwe. Mu March 2020 dziko lidatsekedwa chifukwa cha Covid-19 ndipo sitima zidaima. Mbava zidachita phwando. Nthambo za magetsi, zitsulo za njanji, malata, mawindo, ngakhale njerwa za masiteshoni zidapita. Ku Cape Town, anthu adamanga zisakasa pamwamba penipeni pa njanji ya Central Line ku Langa ndi ku Philippi.

Manambala akunena okha. Mu 2008/09 maulendo a anthu pa Metrorail adaposa 600 miliyoni. Pofika 2021/22 sadakwane n'komwe 20 miliyoni. Transnet, kampani ya boma yonyamula katundu pa njanji, nayo yakhala ikuberedwa nthambo zotalika makilomita oposa 1,000 pachaka m'zaka zina, kuposa ulendo wa pamsewu wochoka ku Blantyre kukafika ku Karonga.

Boma silidangokhala. Lamulo la Criminal Matters Amendment Act la 2015 lidati woononga zipangizo zofunika ngati njanji akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Kumapeto kwa 2022 boma lidaletsa kwa miyezi 6 kugulitsa kunja kopa wa sikirapu. Koma chilango chokhwima chimaluma pokhapokha mlandu wafufuzidwa bwino. Mlonda akagwira munthu ndi thumba la nthambo pakati pa usiku, amadikira apolisi. Wogwidwayo ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48. Umboni ukasokonekera pakati pa manja awiriwa, zaka 30 zija zimangokhala za papepala.

Njira ziwiri zayesedwa. Yoyamba ndi kugwirira pamodzi. Mu 2018 khonsolo ya Cape Town, boma la chigawo cha Western Cape ndi PRASA adasonkherana ndalama n'kukhazikitsa gulu la maofisala 100 lotchedwa Rail Enforcement Unit. Gululi lidatha mu 2020 mgwirizano wa ndalama utaduka. Chinthu chomwe chaima pa kufuna kwabwino kwa mabwana, osati pa lamulo, chimagwa tsiku lomwe mmodzi wa iwo wabweza dzanja m'thumba.

Yachiwiri ndi kukweza mphamvu za alonda. Mu 2022 nduna ya zamalamulo panthawiyo, Ronald Lamola, idapatsa maofisala a chitetezo a Transnet udindo wa peace officer, kutanthauza kuti akhoza kumanga, kuchita chipikisheni ndi kulanda katundu wobedwa m'malo a kampaniyo. Izi zikutseka mbali ina ya mpata uja, koma zili ndi kuipa kwake. Wapolisi akazunza munthu pali bungwe la IPID lomwe limafufuza. Mphamvu zikamwazidwa kwa anthu ambiri a yunifolomu popanda maphunziro okwanira ndi kokadandaula kodziwika bwino, oyamba kulira amakhala osauka ndi alendo, ndipo tikudziwa kuti alendo a ku Joni ndi ndani.

Maganizo anga ndi oti udindo ndi mphamvu zizikhala m'dzanja limodzi, ndipo dzanjalo likhale ndi womuyankhira. Kaya ndi gulu la apolisi a njanji lokhala ndi bajeti yakeyake, monga British Transport Police ya ku Britain yomwe ndalama zake zambiri zimachokera kwa makampani a sitima, kaya ndi maofisala a PRASA okhala ndi mphamvu zolembedwa m'lamulo, chofunika n'choti wokwera sitima adziwe khomo limodzi logogoda.

Pakadali pano, abale athu okwera Metrorail asunge mfundo zitatu. Kuuza mlonda kuti mwaberedwa sikutsegula mlandu; pitani kupolisi mukatenge nambala ya mlandu. Mukavulala chifukwa cha kusasamala kwa a sitima, monga zitseko zosatseka, zigamulo za 2004 ndi 2015 zili kumbali yanu, ndipo ufulu wotetezedwa ku nkhanza m'malamulo a dzikolo ndi wa munthu aliyense, osati nzika zokha, choncho musataye tikiti yanu. Komanso lamulo loona zolowa ndi kutuluka m'dzikolo limapereka mphamvu yofunsa mapepala anu kwa wapolisi ndi ofisala wa imigireshoni, osati mlonda wa pageti.

Kwathu kuno tisaonere ngati filimu. Njanji yathu yakhala m'manja mwa kampani yomwe si ya boma kuyambira 1999, ndipo boma likukonzanso njanji ya Marka kupita ku Bangula. Nkhani za anthu ozula zitsulo za njanji kukagulitsa ngati sikirapu si zachilendo kwa ife. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Aphungu a Nyumba ya Malamulo afunse unduna wa zamtengatenga lero lomwe: kodi mlonda wa kampani ya njanji mphamvu zake zimathera pati, wapolisi amayambira pati, ndipo wokwera sitima ya Limbe kupita ku Nayuchi akavulazidwa, amalipira ndani?