Ekizosi ya tsiku la COF ndi utsi wa masiku ena onse

Munthu amene adakhalako pa Chitakale ku Mulanje madzulo a Loweruka amalidziwa phokoso la galimoto zakale zamasewera zimene anyamata amazisintha ekizosi. Galimoto imamveka isanaoneke, ndipo ikamadutsa kulowera ku Muloza ana amaithamangira pamene akuluakulu amangopukusa mitu. Imodzi mwa galimoto zimenezi ndi ya achimwene anga, kotero nkhaniyi sindikuyimva kwa anthu ayi. Maganizo anga ndi akuti mwini galimoto akhoza kusintha kaliridwe ka galimoto yake, koma alibe ufulu wochotsa chipangizo choyeretsa utsi, ndipo kuchibwezeretsa pa tsiku loyezetsa lokha ndi chinyengo.

Achimwene adagula Toyota Altezza yakale, mtundu umene udapangidwa ku Japan kuyambira mu 1998 mpaka 2005. Pasanathe mwezi adapita nayo kwa wowotcherera zitsulo amene adadula ekizosi yonse naikapo paipi yaikulu yongowongoka. Ekizosi yoyambayo sadaitaye. Amaisunga kuseri kwa nyumba, ndipo nthawi yokatenga COF ikayandikira amaimanganso, kukayezetsa, kenaka n'kuimasula pobwerako. Tsiku lina ndidawafunsa kuti, "Kodi achimwene, chikalata chimenechi chikuikira umboni galimoto iti, popeza imene mudakayezetsa si imene mukuyendetsa?" Iwo adaseka nati, "Iwe, zamagalimoto uzisiye. Anthu amabwereka ngakhale matayala patsikuli."

Kuti tiweruze bwino nkhaniyi, tiyenera kudziwa kuti mu ekizosi muli zipangizo ziwiri zimene ambiri amazisokoneza. Choyamba ndi sailensa, imene imakhala chakumbuyo ndipo ntchito yake ndi kuchepetsa phokoso basi. Chachiwiri ndi catalytic converter, imene imakhala pafupi ndi injini. M'kati mwake muli timabowo tambirimbiri ngati zisa za njuchi, topakidwa miyala ya mtengo wapatali ya platinum, palladium ndi rhodium. Utsi wotentha ukamadutsamo, mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, petulo wosapsa bwino ndi nitrogen oxides zimasanduka mpweya wosaopsa kwambiri. Ikakhala yabwinobwino imachotsa pafupifupi magawo 90 pa 100 aliwonse a poizoniyu. Choncho munthu wosintha sailensa yokha wasintha mawu a galimoto, koma wodula catalytic converter wasintha mpweya umene anzake akupuma.

Chipangizochi chili ndi mbiri imene tiyenera kuikumbukira. Chidayamba kufala ku America mu 1975, koma kuno sichikadatha kugwira ntchito chifukwa petulo wathu adali ndi mtovu, umene umachiwononga. Mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara adagwirizana ku Dakar mu 2001 kuti asiye petulo wa mtovu, ndipo izi zidatheka pofika kumayambiriro kwa 2006. Kwa ine n'zomvetsa chisoni kuti mayiko adavutikira kuti chipangizochi chizigwira ntchito pa misewu yathu, koma ife tikuchidula ndi sowo ya zitsulo, ena n'kumachigulitsa kwa ofuna miyala ili m'katimo.

Eni galimoto ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zonse zopanda pake. Amati catalytic converter yakale imatsekeka ndipo galimoto imalephera kukwera zitunda za ku Thyolo. Izi n'zoona, koma kawirikawiri imatsekeka chifukwa injini ikudya oilo kapena mapulagi atha. Kuidula osakonza injini kuli ngati kuzula dzino la bwino kusiya lobowoka. Amatinso yatsopano ndi yodula, makamaka pamene ndalama zakunja zikusowa. Apanso sindikutsutsa, koma amene wakwanitsa kugula paipi yonyezimira ndi marimu atsopano asatiuze kuti ndalama zathera pa chipangizo chimodzi chokhacho chimene chimateteza anthu ena. Chifukwa chachitatu, chakuti galimoto imathamanga kwambiri, n'chimene ndimachikayikira. Pa injini imene sidasinthidwe china chilichonse mphamvu yowonjezereka ndi yochepa. Chimene chimakula ndi phokoso, ndipo khutu limanamiza phazi.

Ena amati n'kutaya nthawi kulimbana ndi galimoto zochepazi pamene maminibasi ndi malole akufuka utsi wakuda, komanso amayi akutsomwa ndi utsi wa nkhuni m'makhitchini tsiku ndi tsiku. Mavuto amenewo alipodi ndipo ndi aakulu. Kusiyana kwake n'kwakuti mayi wophikira nkhuni alibe njira ina, pamene wodula ekizosi wachita kulipira ndalama kuti galimoto yake iziipitsa mpweya. Tisaiwalenso kuti utsi wa petulo suoneka ngati wa dizilo. Carbon monoxide alibe mtundu kapena fungo, kotero galimoto yooneka yaukhondo ikhoza kukhala yoopsa. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Amene amapuma utsiwu si woyendetsa, pakuti iye amausiya kumbuyo. Mayi athu aang'ono amagulitsa nanazi ndi nthochi m'mbali mwa msewu, atakhala pansi, nkhope yawo ili pa msinkhu umodzi ndi ekizosi, mwana ali kumsana. Akabaza, ana opita kusukulu ndi anthu ochokera kothyola tiyi nawonso amayenda m'mphepete mwa msewu womwewo. Achimwene akaima pamalopo kuti agule zipatso, injini ikulira, amalonjerana ndi mayiwo mwaulemu wonse, osazindikira chimene akuwasiyira.

Mchitidwe wokhala ndi ekizosi ziwiri uli ndi mnzake wotchuka. Mu 2015 zidaululika ku America kuti kampani ya Volkswagen idaika pulogalamu ya kompyuta m'galimoto zadizilo pafupifupi 11 miliyoni yozindikira nthawi imene galimoto ikuyezedwa. Poyezedwa utsi unkachepa, koma pamsewu zina zinkatulutsa nitrogen oxides wochuluka mpaka maulendo 40 kuposa mlingo wololedwa. Dziko lonse lidati kampaniyo yanama. Chimene iwo adachita ndi kompyuta, ife tikuchita ndi sipanala. COF ndi lonjezo kwa anthu ena onse ogwiritsa ntchito msewu lakuti galimotoyi ndi yoyenera kuyenda pakati pawo, osati pepala longoonetsa apolisi apamsewu.

Nanga tichite chiyani? Poyamba, wokonda kulira kwa galimoto asinthe gawo lakumbuyo lokha, asiye catalytic converter pamalo pake, ndipo akumbukire kuti msewu umadutsa pafupi ndi zipatala, sukulu ndi nyumba zogona anthu. Chachiwiri, amakaniko ndi owotcherera aziuza makasitomala awo zoona asanadule. Chachitatu, ndikupempha nthambi ya boma yoona za pamsewu kuti makina oyezera utsi azipezekanso pamsewu mwadzidzidzi, chifukwa mayeso odziwika tsiku lake ndi osavuta kuwabera. Mu 2019 boma lidayambitsa msonkho wa carbon tax pa galimoto potengera kukula kwa injini, koma kukula kwa injini sikutiuza ngati galimotoyo ili ndi choyeretsera utsi kapena ayi. Chimene chingatiuze ndi kuyeza.

Achimwene sadandimvere mpaka lero, ndipo ekizosi ija ikadali kuseri kwa nyumba kudikira tsiku lake. Ine sindinasiye kuwakumbutsa, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Pempho langa kwa iwo ndi kwa anzawo onse ndi limodzi: ekizosi imene mumapita nayo koyezetsa ikhale yomweyo imene mumadutsa nayo pa Chitakale.