Rimoti ya kireni iyesedwe padzuwa la Chipata

Kuchokera pamene njanji ya Mchinji idafika ku Chipata mu 2010, kudzanso chipata chatsopano cha pamalire a Mwami chomwe chidatsegulidwa mu 2022, katundu wolemera wachuluka kuno kum'mawa kwa Zambia: makontena, zitsulo zomangira, mathiransifoma. Zambiri mwa izi zimatsitsidwa ndi makireni a pamalole, ndipo makireni atsopano akubwera ndi rimoti, kabokosi komangira m'chiuno kokhala ndi timitengo tokankha, kagalasi koonetsa manambala ndi batani lofiira loimitsira zonse.

Ubwino wake sindiukana. Woyendetsa amaima patali pomwe akuona bwino, osati pansi pa katundu. Ku doko la Rotterdam, kuyambira 2015, ena amakweza makontena ali mu ofesi, maso ali pamakamera. Koma ife tikamagula makinawa timafunsa mtengo ndi matani omwe anganyamule basi. Za kabokosi kamene munthu adzagwira tsiku lonse palibe amafunsa.

Imani pamalo omangira mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, muone woyendetsa akuphimba kagalasi ndi chipewa kuti awerenge kulemera kwa katundu. Nambala imeneyo ndiyo imamuuza ngati kireni yatsala pang'ono kugwa chagada, chifukwa mkono ukamatambasuka, kulemera komwe unganyamule kumachepa. Chenjezo lotere lisamadalire maso okha. Kabokosi kazilira mokweza kuposa injini, kazinjenjemeranso m'manja, pakuti amene ali pansi samva kugwedezeka komwe wokhala pampando wa kireni amamva m'thupi.

Palinso nkhani ya kumanja ndi kumanzere. Munthu akazungulira lole n'kuima moyang'anana ndi kireni, akakankhira kamtengo kumanja katundu amapita kumanzere kwake. Wotopa amasokonezeka, ndipo pafupi pali mnzake wogwira chingwe kapena mawaya a magetsi. Mivi ya mitundu yofanana, ina yojambulidwa pakireni ina pakabokosi, imachepetsa ngoziyi pamtengo wochepa zedi.

Nanga makina akaima okha n'kulemba chilembo ndi manambala, buku lofotokoza lili m'chinenero chimene pamalopo palibe akuchimva? Bwana akukalipa kuti ntchito yachedwa, ndiye pamapezeka wina wodziwa kulumikiza waya kuti choteteza ngozi chomwe chaimitsa makinawo chileke kuvuta. Apo ndiye imfa yaitanidwa. Chithunzi choonetsa kuti mwendo wina wa lole sunaponde bwino aliyense angachimve, kaya amalankhula Chichewa, Chinsenga kapena Chitumbuka.

Tsono pempho langa lipite kwa amene ali ndi mphamvu. A National Council for Construction ndi onse olemba makontirakiti a boma aikemo mfundo yakuti kireni ya rimoti isalandiridwe woyendetsa wa kuno asanaiyese masana, pafumbi, atavala magolovesi. Ayese kuthimitsa rimoti katundu ali m'mwamba, aone ngati kireni ikuima pomwepo. Aonenso ngati batire lopatula lilipo. A TEVETA, oyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, nawo aonetsetse kuti maphunziro a oyendetsa makina, kuphatikizapo a ku sukulu ya Chipata Trades, akufika pa rimoti.

Safunsa adadya phula. Wogulitsa amene akana kuti makina ake ayesedwe chotere, ndalama zathu asazione.