Ciswe ca M'nyumba

Nyumba zambiri zimene tinaziona zikugwa m'midzi mwathu sizinagwetsedwe ndi mphepo yokha. Ciswe cinayamba cadya nsici mkati, mphepo inangomalizitsa. Zipani za ndale nazonso zimagwa motero, ndipo ife a m'Zambia tiri ndi citsanzo cosayenera kuiwalika.

M'caka ca 1991 cipani ca MMD cinatenga mipando 125 mwa mipando 150 ya m'Nyumba ya Malamulo. Mu 1996, pamene UNIP inakana kulowa m'cisankho, cinatenga mipando 131. Panalibe mdani wakunja amene akadacigwedeza. Bvuto linabadwira m'nyumba momwemo mu 2001, pamene otsatira a Frederick Chiluba anafuna kusintha malamulo a dziko kuti iwo aimenso kacitatu. Maepiskopi athu, mipingo ina ndi bungwe la maloya anakana kudzera mu Oasis Forum. M'cipani namonso munali okana, ndipo mmodzi wa iwo anali waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Christon Tembo. M'malo mowamvera, cipani cinawapitikitsa pamodzi ndi nduna zingapo.

A Chiluba anabwerera m'mbuyo, koma mbiya inali itasweka kale. A Tembo anatsogolera cipani catsopano ca FDD, a Godfrey Miyanda anayambitsa Heritage, ndipo a Michael Sata, ataona kuti cipani casankha a Levy Mwanawasa, anacoka nakakhazikitsa PF. Pa cisankho ca pa 27 December 2001 MMD inatsala ndi mipando 69 cabe. UPND ya a Anderson Mazoka inatenga 49, UNIP 13, FDD 12, Heritage 4, PF umodzi.

Opatukawo nawonso sanagwirizane, pakuti aliyense anafuna kukhala tambala m'khola lacelace. Pa mpando wa mtsogoleri wa dziko panaima anthu 11, ndipo a Mwanawasa anapambana ndi mavoti 29 mwa 100 alionse. M'madera a aphungu zinali cimodzimodzi. Lamulo lathu limapatsa mpando amene waposa anzace, ngakhale sanafike theka. Motero madera ambiri anaimiridwa ndi phungu amene unyinji wa obvota sunamufune. Mayi amene anaima pamzere kuyambira m'mamawa, mwana ali kumsana, ndiye analipira ndeu ya akuluakulu.

Phunzirolo silinamveke. Mu 2016 MMD inagawanikanso pakati pa a Nevers Mumba ndi a Felix Mutati, ndipo inapeza mipando itatu yokha. Mu 2021 cipani cija ca mipando 131 sicinapeze ngakhale umodzi.

Sitikunena kuti kusiyana maganizo m'cipani ncoipa. A Tembo ndi anzao anacita bwino kuteteza malamulo a dziko. Coipa ndico cipani copanda bwalo loweruzira milandu yace, cimene cimadziwa mankhwala amodzi okha: kupitikitsa wotsutsa.

Tsono wofuna uphungu akadzafika pakhomo pathu ndi citenje ndi mcere, timufunse mwaulemu: Kodi anakusankhani ndani, anthu a dera lino kapena akuluakulu a ku Lusaka? Nanga amene munapikisana nao m'cipani ali kuti lero? Cipani cimene calephera kusunga mtendere pakati pa ana ace sitingacisungize dziko lonse.