Tikamaseka banja la a Khan, kodi tikuseka ndani?



Tikakumana pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, nkhani ya mafilimu siilephera kutuluka. Dandaulo lake ndi lomwe lija: ana akuthera nthawi pa foni, akumaseka okha kuchipinda, ndipo chomwe akuseka makolo sachidziwa. Ena afika ponena kuti sukulu ingoletseratu mafilimu onse, ngakhale a nthabwala omwe. Nkhawayi tikuimva ndipo si yachabe. Komabe ife okonza kalatayi tikuona kuti pali mtundu wina wa filimu womwe si wofunika kuuthamangitsa, koma kuuchotsa kuchipinda n'kuubweretsa pabalaza, kuti makolo ndi ana aonere limodzi. Tikunena mafilimu a nthabwala a ku Britain okamba za mikangano ya m'banja, omwe ena mwa ife tinawaonera kalekale pa DVD koma mpaka lero sanatichoke m'mutu.

Tiyambe ndi East is East, yomwe inatuluka mu 1999. Anailemba ndi Ayub Khan-Din, wobadwira ku Salford pafupi ndi Manchester, mwana wa bambo wa ku Pakistan ndi mayi wachingerezi, ndipo zambiri anazitenga m'nyumba momwe anakulira. Nkhaniyi ikuchitika mu 1971. Bambo George Khan, omwe mbali yawo anasewera katswiri wa ku India Om Puri, ndi Msilamu amene anafika ku England mu 1937. Iwo ndi akazi awo, mayi Ella, ali ndi shopu yogulitsa nsomba ndi tchipisi, ndipo ali ndi ana 7, anyamata 6 ndi mtsikana mmodzi. Bambowa khutu lawo limakhala pa wailesi kumvera za nkhondo ya kwawo, pomwe anawo kwawo ndi ku Salford komweko. Bambo akufuna ana odziwa chiyankhulo cha makolo awo, okwatira omwe iwo awasankhira. Ana akufuna kukhala ngati anzawo a mumsewu mwawo.

Zoseketsa zimachokera pamenepo. Kumbali, anawo amatchula bambo awo dzina lachinyozo loti Genghis, kutengera mfumu yoopsa ya ku Mongolia. Saleem amatuluka m'mawa uliwonse bambo ake akunyadira kuti akuphunzira uinjiniya, chonsecho akuphunzira zojambulajambula. Wamng'ono, Sajid, savula jekete lake usana ndi usiku, ngati mwana wa ku Zolozolo m'mwezi wa June. Ndipo bambo Khan akapsa mtima amaopseza kuti aitanitsa mkazi wawo woyamba wa ku Pakistan, mayi Ella n'kumangowayang'ana.

N'chifukwa chiyani nkhani ya kutali chonchi imatifika pamtima ife a ku Mzuzu? Taganizani za mabanja athu. Ambiri mwa makolo a pasukulu pano anachokera ku Mangochi, ku Machinga, ku Salima kapena ku Nkhotakota, kudzafuna ntchito ndi malonda. Ana awo abadwira ku Chibavi, ku Mchengautuwa, ku Luwinga. Bambo akafunsa m'Chiyao, mwana amayankha m'Chichewa, akatuluka panja amacheza m'Chitumbuka, ndipo pa foni amalemba m'Chingerezi. Kholo likati "kwathu" limatanthauza mudzi wa kunyanja womwe mwanayo anangoupondako kawiri, pamaliro. Ndipo ndani mwa ife sadziwa Saleem wina wa mu Fomu 4? Makolo ake analengeza kale kwa achibale kuti adzakhala dokotala, pomwe iye mtima wake uli pa ukalipentala ku Mzuzu Technical College, kapena akuwerengera mwakachetechete ndalama za basi ya ku Joni.

Nkhani zoterezi sitizikamba pakhomo. Mwana wolemekeza makolo sangaime pamaso pa bambo ake n'kunena kuti, "Ababa, mukundiumiriza." Nalonso kholo silinganene mosavuta kuti, "Mwana wanga, ndikuopa kuti undiiwala pamodzi ndi zonse zomwe ndinakuphunzitsa." Koma onse awiri angathe kukhala pamkeka umodzi n'kuseka bambo Khan. Akulu anati anyani amasekana zikundu. Kholo limaseka bambo wouma mutu wa ku Salford, kenaka pakati pa kusekako limazindikira mawu ake omwe. Mwana amaseka bodza la Saleem, n'kukumbukira lake. Palibe amene walozedwa chala, koma aliyense wadziona.

Izi si zachilendo kuno kwathu. Tinakula tikuseka Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, ndipo madzulo ambiri tinkasonkhana kumvera Pamajiga kapena kuonera Manganya mu Tikuferanji pa MBC. Zisudzozi zinkanena poyera zomwe timabisa: mwamuna womana ndalama, achibale olanda chuma cha amasiye, apongozi olowerera banja la ana. Amalume kapena agogo anzeru amachitanso chimodzimodzi akamayanjanitsa anthu. Amayamba ndi kankhani koseketsa ka munthu wina wa kumudzi wina, mitima ikafewa ndi pomwe amalowa m'mlandu weniweni. Mafilimu a ku Britain awa amayenda njira yomweyo, kungoti nyumba zake ndi za njerwa zofiira.

Tsopano tinene mbali ina, chifukwa otsutsa ali ndi mfundo. East is East si filimu ya ana. Ku Britain komweko anailoleza kwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Muli mawu otukwana, muli zachibwenzi, ndipo muli pena pomwe anawo akudya nyama ya nkhumba mobisa bambo awo atachoka. Asilamu ena ku Britain anadandaula kuti filimuyi ikuonetsa bambo wachisilamu ngati chilombo, ndipo kuti amene satidziwa angaganize kuti nyumba zathu zonse zili choncho. Dandaulo limeneli sitikulikana. N'chifukwa chake tikuti filimuyi ikuyenera makolo ndi akuluakulu, osati mwana wa Fomu 1 ali yekha ndi foni.

Koma makolo akaionera aone bwino pomwe kuseka kumathera. Mwana woyamba, Nazir, amathawa pa tsiku la ukwati womwe anamukonzera, bambo ake n'kumamuwerengera ngati wakufa. Osaphunzirapo kanthu, bambo Khan amalonjezanso mwachinsinsi ana ena awiri, Abdul ndi Tariq, kwa ana aakazi a bambo wina wa ku Bradford. Zitaululika, amamenya Maneer, mwana yemwe amakonda kwambiri Swala kuposa onse, kenaka amamenyanso mayi Ella poleletsa. Apa palibe amaseka. Filimuyi imatitenga ndi nthabwala mpaka kutifikitsa pomwe nkhanza ikuoneka m'mene ilili. Ndipo zomwe bambo Khan akuchitazi si Chisilamu. M'mabuku a Hadith muli nkhani ya Khansa bint Khidham, yemwe bambo ake anamukwatitsa iye asakufuna. Atakadandaula kwa Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ukwatiwo unathetsedwa. Nawo malamulo a dziko lino amaletsa nkhanza za m'banja kudzera m'lamulo la mu 2006, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Bambo Khan ankaopa kutaya ana awo, koma ndodo ndi imene inatsala pang'ono kuwatayitsa onse.

Pali filimu ina yoonetsa bambo amene anasankha njira ina. Bend It Like Beckham ya Gurinder Chadha inatuluka mu 2002. Jess ndi mtsikana wa m'banja lachipembedzo cha Sikh ku Hounslow, ku London, ndipo amakonda mpira wa miyendo. Mayi ake akufuna aphunzire kuphika kuti adzapeze banja labwino, choncho iye amanama kuti wapeza ganyu pomwe akupita kubwalo. Chomwe chimatikhudza ndi bambo ake. Iwo atangofika kuchokera ku Nairobi anathamangitsidwa ku kalabu ya masewera a cricket chifukwa cha tsankho, ndipo ankaletsa mwana wawo poopa kuti angapwetekedwe mtima ngati iwo. Atanena mantha awo poyera, njira inatseguka: anamulola kuchoka paphwando la ukwati wa mkulu wake kuti akasewere ndime yomaliza. Ife a kumpoto nkhaniyi sitiimva ngati nthano, poti Tabitha ndi Temwa Chawinga, atsikana a ku Rumphi, afika posewera m'matimu akuluakulu ku Ulaya ndi ku America. Sikuti mwana aliyense wokonda mpira adzafika kumeneko ayi. Phunziro lake ndi lakuti kukana kwa kholo nthawi zambiri kumakhala ndi mbiri yake, ndipo mwana akaimva mbiriyo amasiya kuona kholo ngati mdani.

Kwa inu ophunzira, mawu athu ndi awa. Nthabwala ndi chipongwe ndi zinthu ziwiri zosiyana. Surat Al-Hujurat, ndime 11, imaletsa kunyozana ndi kupatsana mayina achipongwe, ndipo Surat Al-Isra, ndime 23, imaletsa ngakhale kamawu kakang'ono kosonyeza kunyansidwa ndi makolo. Choncho musatuluke mufilimu mutatola dzina loti muziitanira bambo anu kumbali. Tolanimo funso ili: kodi bodza la Saleem ndi la Jess linawathandiza chiyani? Linangochedwetsa tsiku lokambirana, n'kulichititsa kukhala lowawa kwambiri. Ngati pali chomwe mukubisa chokhudza maphunziro kapena tsogolo lanu, pezani amalume, azakhali, mphunzitsi kapena Shehe kuti akuperekezeni kwa makolo mayeso a MSCE asanafike.

Pempho lathu kwa komiti ya mzikiti ndi akuluakulu a sukulu ndi lakuti tiyese kamodzi pa teremu. Loweruka lina masana, pakati pa Swala ya Dhuhr ndi Asr, holo ya sukulu itsegulidwe, makolo abwere ndi ana awo. Filimu kapena sewero loti lionetsedwe, kaya ndi la ku Britain kaya ndi la konkuno, komiti iyambe yalionera yokha, ndipo zosayenera zidumphidwe. Aphunzitsi a Chingerezi athandize kumasulira, poti kayankhulidwe ka ku Salford kamavuta ngakhale kwa amene anakhoza bwino Chingerezi. Pomaliza pakhale mphindi zokambirana, ndipo ana ayambe ndiwo kuyankhula. Kuletsa kokha sikungatithandize, chifukwa memori khadi ndi kanthu kakang'ono kobisika m'thumba la yunifolomu. Ana adzaonerabe, kungoti adzaonera popanda wowathandiza kusiyanitsa chabwino ndi choipa.

Kumapeto kwa East is East, bambo Khan amakhala okha m'shopu muja, manyazi atawagwira, ana awo omwe atawaletsa kumenyanso mayi awo. Mayi Ella amawatsatira n'kuwafunsa ngati angamwe tiyi. Iwo amapempha theka la kapu. Tiyi ameneyo safafaniza zomwe anachita, ndipo filimuyi sinena kuti zonse zatha. Koma anthu awiri aja ayambanso kuyankhulana. M'nyumba zathu zambiri muno mu Mzuzu muli nkhani zomwe zakhala miyezi zikudikira kapu ya tiyi yoteroyo. Ndi bwino tiiphike msanga, dzanja la wina lisanakwezedwe komanso mwana wina asanakwere basi usiku osatsanzika.

Wassalamu alaikum.